Malo a Wachitatu

Ku Tartu mdima umagwa anthu asanaweruke.
Mtsinje waundana gwa, akhwangwala akuyendapo wapansi.
Pansanjika yachitatu, Triinu Põldmaa
wagwira choko, walemba pabolodi:
A atumiza kwa B. B ayankha A.
Mizere isanu basi,
ndondomeko yonse yotsegulira makabati a mankhwala
m'chipatala cha kutsidya.

Pakati pa A ndi B wasiya mpata.
Mpatawo ngwa mdani.

Amamuumba yekha mdaniyo, m'mawa uliwonse,
namuninkha zonse: waya, mphepo, makutu a khoma.
Kalata iliyonse idzere m'manja mwake.
Aiwerenge, aibise, aing'ambe,
asokere mutu wa iyi kumchira wa inzake,
asunge ya dzana, adzaitumize mkuja
atavala mawu a munthu wina.
Satopa, saodzera, saiwala.
Chimodzi chokha ndicho amam'mana:
loko wopanda kiyi wake sathyola.

Ülo Raudsepp amabwera ndi khofi,
chipale chikusungunuka paphewa la jekete.
Mizere isanuyo anailemba ndi iye, tsitsi lisanachite imvi.
Zaka khumi ndi chimodzi, akutero, sanabepo munthu.
Triinu sacheuka.
Kusaberedwa si umboni, Ülo.
Mwina wakubayo sanafune.

Usiku makina amatsala okha.
Amayenda njira zonse zimene mdani angayende,
nthambi kubala nthambi,
A wina, B wina, makambirano chikwi nthawi imodzi.
Masiku ena sabwerako.
M'mawa uwapeza akadalowerabe m'thengo lopanda malire,
fani ikulira ngati udzudzu.

Lachinayi anabwerako.
Masitepe khumi ndi anayi pagalasi, mbee.
Triinu anawerenga ataimirira, sikafu ili m'khosi.
Palibe loko amene wathyoledwa.
Mdani anangopereka moni kwa A mwaulemu,
natenga funso la B kukam'funsa A,
natenga yankho la A kukam'patsa B,
ngati mtengatenga wokhulupirika.
A sananame. B sanalakwe kuwerenga.
Kabati inatseguka.

Ülo anakhala pansi.
Anatsata sitepe iliyonse ndi chala,
kufika kumapeto, kubwereranso,
ngati munthu wofuna ndalama m'thumba lobooka.
Mzere wachiwiri, anatero potsiriza.
Ukuti ndine. Sukunena ndine yani.

Anawonjezera chilembo chimodzi.
Dzina la woyankha, m'kati mwa envelopu yomata.
Makina anayendanso mpaka Loweruka
nabwera ndi liwu limodzi lobiriwira: zatsimikizika.

Ülo anagula keke ya sinamoni.
Triinu anadya, koma ankadziwa malire a liwulo.
Mdani wa pabolodi ngwaulemu,
amasewera ndi malamulo amene wam'patsa.
Samvetsera kutentha kwa kachipangizo,
sawerenga kamphindi kamene kamachedwa kuyankha,
sadziwa namwino wotopa wa usiku
amene walemba nambala yachinsinsi kuseri kwa baji.
Umboni uli ndi mpanda.
Kunja kwa mpanda chipale chikugwabe.

Pochoka anafufuta A, anafufuta B.
Mpata wa pakati sunafufutike,
poti munalibe cholembedwa.

Kunyumba, ketulo isanawire, belu la pansi linalira.
Anadina batani.
Ndani?
Mawu anakwera ndi waya, osasa, odzaza mphepo:
Ndine.

Triinu anaima, chala chili m'malere.
Masitepe khumi ndi anayi anadutsa m'mutu mwake, onse,
mwandondomeko.
Mawuwo anatsokomola, nadandaula za kuzizira
monga amadandaulira mchemwali wake
chiyambire ali ana.

Si umboni umenewo.
Anatsegula.